Mmene Anandisokera Mkono Ndili Maso

Chaka chimene lata linandicheka ndinkapalasa kabaza pa boma pa Mchinji, njinga yakapalasa, osati zamoto zadzazazi. Anthu ndinkanyamula, koma chimene ndinkadziwika nacho ndi katundu: matumba a mtedza ochokera kwa Mlonyeni, makatoni opita kumalire, zitseko, tsiku lina mpaka nkhumba yamoyo. China chimene ndinkadziwika nacho ndi mtima wapachala. Pasiteji pathu anzanga ankati ine sindikwiya, ndimayaka, ndipo wina akamva kuzizira m'mawa ankangondiponda chala kuti awothe.

Chuma cha munthu wa kabaza ndi mphira. Timang'amba tchubu chakale cha galimoto kukhala zingwe zazitali, ndipo palibe chimene mphira siimanga. Keliyala ikathyoka, mphira. Nsapato ikayasama, mphira. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene tinkaima nawo siteji imodzi, ankati banja lawo likadzayamba kugwedera adzalikulunga ndi mphira kawiri n'kumanga mfundo.

Munali mu Juni, anthu atagulitsa fodya, nthawi imene aliyense amafuna kufolera nyumba. Bambo wina wa kwa Mavwere anagula malata m'sitolo ya Msilamu wina wogulitsa zomangira, ndipo anandiitana kuti ndiwafikitse pamene pamaima malole. Malata timawapinda ngati mphasa, n'kuwagoneka pakeliyala, n'kukoka mphira. Ndinali nditachita zimenezi kosawerengeka. Koma bamboyo anaima pamsana panga.

"Musakande, achimwene. Ayi, apo mupinda. Mangani kuno. Mwamangapo malata inu?"

Ndinamva kutentha m'makutu. M'malo moyankha ndinaponda tayala ndi phazi, n'kukoka mphira ndi ukali wonse kuti aone. Mphira inapulumuka pachitsulo, malata anatambasuka kamodzin'kamodzi, ndipo la pamwamba linadutsa pamkono wanga wamanja, cham'kati, pamwamba pang'ono pa pamene pamakhala wotchi.

Sindinamve kuwawa. Ndinangomva ngati wina wandikwapula ndi bango. Nditayang'ana ndinaona pakamwa patatseguka pamkono, m'kati moyera, kenako magazi anabwera.

Alamu anafika akuthamanga, mphira ili kale m'manja. Anaikulunga pamwamba pa chigongono n'kukoka. Apo ndiye ndinamva kuwawa.

"Mukundidula mkono, alamu! Masulani!"

"Ndimange kapena ndisamange?"

"Mangani, koma osati ngati thumba la chimanga!"

Anamasulako pang'ono kuti ndisiye kukuwa. Anthu anatizungulira, ndipo aliyense anali dokotala. Mayi wina wogulitsa mtedza wokazinga anamasula kansalu kake n'kuthira fodya wopera pabala. Wina ankati shuga, wina anapita kukafuna mafuta a buleki kwa amakaniko. Mwini sitolo anatuluka ndi nsalu yoyera yopinda bwino, akuti, "Kanikizani ndi iyi, mukweze mkono m'mwamba." Ine ndinawauza kuti malata awo ndi amene andicheka, nsalu yawoyo akapukutire mashelefu. Munthu mmodzi yekha wanzeru pagulu lonselo, ndiye amene ndinamuthamangitsa. Mpaka lero ndikamadutsa pasitolo pawo ndimatsika panjinga n'kupereka moni ndi manja awiri.

Magazi sanaleke. Anachita kuwonjezera, akuda bii, mitsempha ya pamkono itatupa ngati zingwe. Alamu anawonjezera mphira yachiwiri, n'kundikweza pakeliyala pawo.

"Alamu, musafere panjinga panga," anatero akupalasa. "Anthu asiya kukwera."

Ndinafuna kuwagogoda pamsana, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti zala zitatu sizikupindika. Ndinaziuza kuti zifumbate, zinangokhala chiwongokere ngati za munthu wina. Pasiteji pathu nkhani inali yakuti kuchipatala akaona bala lalikulu sataya nthawi, amangodula. Dzanja lamanja ndilo limagwira buleki potsika ndi katundu, ndilo limakoka mphira, ndilo limadya. Ine sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 6. Popanda dzanja limenelo, ndani akanandilemba ntchito yanji?

Kuchipatala tinalandiridwa ndi anesi ena achikulire, aafupi, a magalasi olendewera pachingwe. Anayang'ana mkono, anayang'ana mphira, n'kutenga sizasi. Ndisanatsegule pakamwa mphira zonse ziwiri zinali pansi.

"Inu mayi! Mukufuna ndife?"

"Mukafuna kufa mukafere panja, muno takolopa kumene. Khalani pansi, mwanangu."

Anapinda tinsalu toyera tambiri, anatiika pabala, anakanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri, n'kukweza mkono wanga kupitirira mutu. Kenako anaitana alamu.

"Inu amene munamanga, bwerani. Valani magolovesi awa. Kanikizani apa, mwamphamvu. Mukuiona wotchi iyo? Mpaka muvi wautali ufike pa sikisi. Osasuzumira. Mukasuzumira mukuyambiranso."

Alamu anakanikiza, ine ndikuwayang'ana ndi diso lofiira, ndipo chodabwitsa chinachitika. Magazi amene ankayenderera mpaka m'chigongono anayamba kuchepa. Tinsalu tinanyowa, koma anesi sanatichotse, anangowonjezera tina pamwamba.

"Magazi ali ndi njira ziwiri," anatero akundibaya diripi kumkono winawo. "Yopita kudzanja ili m'kati, pafupi ndi fupa. Yobwerera ili pamwamba, pansi pa khungu. Mphira yanu inatseka yobwerera, yopita n'kuisiya. Munaonapo kumalire kuja akatseka geti lotulukira, malole akubwerabe?"

"Amadzaza mpaka kumsika," anatero alamu.

"Ndiye magaziwa anapeza potulukira pabalapo. Bala mumayamba ndi kukanikiza. Kumanga ndi kwa pamene kukanikiza kwalephera, ndipo ukamanga umamanga ndithu, ndi chinthu chachikulu m'lifupi, n'kuloweza nthawi. Kumanga theka ndiko kuipa kwenikweni."

"Ine ndinamanga bwino, amayi," anatero alamu. "Anandikalipira ndi eni ake a mkonowa."

Ankanena zoona, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa lata.

Adokotala atabwera ndinaganiza kuti ndi mwana wa sukulu wasochera. Anali mayi wachitsikana, wowonda, wa msinkhu ngati wanga, wolankhula motsitsa. Anandiuza kuti ndipinde chala chilichonse pachokha. Anandigwira uku ndi uku, akufunsa ngati ndikumva. Kenako anati zingwe zokoka zala zitatu zaduka, ndiponso mtsempha umodzi waukulu wa magazi, ndipo tiyenera kupita ku fiyeta masana omwewo.

"Mudula?" ndinafunsa.

"Ine ntchito yanga ndi kusoka. Mwadya chiyani lero?"

"Tchipisi ndi mazira, cha m'ma leveni."

"Ndiye sitikugonekani, m'mimba muli zinthu. Tingopha mkono wokha ndi jakisoni. Inu mukhala maso. Koma ndikuuzeni, achimwene, anesi andiuza kale za inu. Mkono sumva kanthu, koma thupi lonselo ndi lanu. Mukadzambatuka ndili m'kati, ndidula chimene sindinafune kudula. Dzanja ili tilipulumutsa awiri, ine kusoka, inu kugona phee."

Anabweretsa pepala loti ndivomereze opaleshoni, pamodzi ndi kabokosi ka inki kodindira chala. Nditakaona ndinayaka.

"Mukundiyesa mbuli? Dzina langa ndimalemba ine!"

"Ndi dzanja liti?" anafunsa anesi aja.

Ndinalanda cholembera ndi lamanzere. Zimene ndinalembazo zinaoneka ngati mapazi a nkhuku pamatope, koma ndinalemba, zilembo zonse.

Ku fiyeta kumazizira ngati m'filiji ya mabutchala. Anandivula zanga zonse n'kundiveka chimalaya chotseguka kumsana ndi kachipewa ngati ka amayi ophika kusukulu. Ndinathokoza Mulungu kuti alamu anatsala panja. Kumutu kwanga kunakhala bambo wina wonenepa, woona za mankhwala ogonetsa ndi ochititsa dzanzi. Chilankhulo chake chinkapendekera kutsidya, ku Chipata. Anandibaya m'khwapa, ndipo patapita kanthawi mkono unalemera n'kusanduka chipika. Ndinauona akuunyamula, koma sindinkadziwa kuti uli pati.

Anaukweza m'mwamba kuti magazi atsike, ndipo mnzawo wina anatulutsa chinthu chokulungidwa, chachikulu m'lifupi ngati chikhatho, n'kuyamba kuuzinga kuchokera kuzala. Ndinayang'anitsitsa.

"Imeneyo si mphira?"

"Ndi mphira, mudala," anatero bambo wonenepa uja. "Koma iyi inapita kusukulu."

Onse anaseka. Ine mawu a sukuluwo anandilasa, koma ndinakumbukira za adokotala, ndinameza. Pamwamba pa chigongono anaika lamba wamkulu wofanana ndi uja amayezera kuthamanga kwa magazi, n'kumupopa ngati tayala mpaka geji inafika pamene ankafuna. Atatero anachotsa mphira ija. Wina anatchula nthawi mokweza, wina anailemba pabolodi. Anandiuza kuti lambayo atseka njira zonse ziwiri, koma ali ndi malire ake, sangakhale mpaka kalekale, chifukwa dzanja losalandira magazi limafa. Kenako anaimika nsalu yobiriwira pakati pa nkhope yanga ndi mkono.

"Chotsani, ndione. Mkono ndi wanga."

"Amene amaona amakomoka, mudala, makamaka aukali. Ine ndikhala wailesi yanu. Ndizikuulutsirani mpira wonse."

Ndipo anaulutsadi. Anati achotsa tinsalu, bala lili gwa, louma, palibe ndi dontho lomwe. Anati tsopano akutsuka. Ndinamva madzi akugwera m'beseni nthawi yaitali, ndipo adokotala analankhula kuseri kwa nsalu.

"Achimwene, fodya yenseyu munkafuna kukagulitsira muno? Tikanabwera ndi sikelo."

"Anathira ndi mayi wa mtedza."

"Mukawauze kuti fodya ndi wa m'mphuno. M'bala amangobweretsa mafinya."

Kenako ndinayamba kumva kulira kwa tizitsulo, kete, kete. Wailesi yanga inati ndi tizitsulo topanira, tokhala ngati sizasi koma tosadula. Akapeza kukamwa kwa mtsempha woduka amaupana, n'kudutsa ulusi pansi pake, n'kumanga mfundo katatu, n'kuchotsa kachitsulo. Ndinafunsa ngati ulusiwo adzautulutsa. Anati ayi, wam'katiwo thupi limadya lokha. Ndinaganiza za mmene timamangira kukamwa kwa thumba la mtedza, ndipo ndinaona kuti ntchito za anthu sizitalikirana kwenikweni.

Pantchafu panga anali atamatapo chinthu chozizira cholumikiza ku makina. Makinawo anayamba kulira, tii, tii, ndipo kautsi kanakwera pamwamba pa nsalu. Fungo linandipeza. Linali fungo la kanyenya wa pamsika, lenileni, mpaka malovu anadzaza m'kamwa.

"Ndani akuwotcha nyama muno?"

"Ndi yanu, mudala. Timitsempha ting'onoting'ono sitimanga, timawotcherera ndi magetsi, ngati amene amawotcherera mafelemu a njinga aja. Kakapsa kamatsekeka."

Njala inathera pomwepo.

Vuto linayamba nthawi itapita ndithu. Mkono sunkamva mpeni, koma pamene panali lamba paja panayamba kuliza kuwawa kwina, kozama, kokwera mpaka m'phewa. Msana unatopa ndi tebulo lolimba. Mphuno inayamba kuyabwa. Ndipo m'mutu munabwera nkhope ya bambo wa kwa Mavwere uja, akuti, "Mwamangapo malata inu?" Iye mwina anali atafika kale kwawo, akuyeza denga, ine ndili gone pano matako pamtunda. Kutentha kuja kunayamba m'makutu, kunatsikira m'chifuwa, ndipo phewa langa linanyamuka patebulo.

Tizitsulo tonse tinakhala chete.

"Achimwene," anatero adokotala, mawu ali pansi ngati kale. "Singano yanga ili m'chingwe cha chala chanu chapakati. Chingwe chimenechi chinathawira m'mwamba, ndachisaka nthawi yaitali. Chikapulumukanso, wotchi ya lamba uyu siidikira munthu. Ngati mwakwiya, kalipani ndi pakamwa. Thupi lisiyeni."

"Ndikalipe?"

"Kalipani. Ife tinamvapo zambiri."

Bambo wonenepa anaika dzanja lake lolemera paphewa panga, ndi linalo n'kundikanda mphuno. Ine ndinatsegula pakamwa. Ndinayamba ndi wa kwa Mavwere, ndinati denga lakelo lidzadontha pamene pali bedi. Ndinapita kwa amene anapanga malata akuthwa ngati lezala. Ndinafika kwa mayi wa fodya, kwa wa mafuta a buleki amene sanabwerenso, kwa alamu ndi mphira zawo ziwiri, kwa mphunzitsi amene anandikwapula chifukwa cha wina mu Sitandade 6, kwa agalu a panjira ya kwa Mlonyeni. Ndinkakuwa, koma kuyambira m'khosi kutsika ndinali ngati mtembo. Kuseri kwa nsalu tizitsulo tinayambiranso, kete, kete, ndipo ndinkamva wina akudziletsa kuseka.

Mayina anatha. Ndinafufuza wina woti ndimutukwane, osamupeza.

"Mwamaliza, mudala? Palibe amene watsala?"

"Watsala amene anakoka mphira pamalata paja."

"Ameneyo musiyeni, walangidwa kale."

Ndinaseka, ndipo adokotala anati ngakhale kuseka ndichepetse.

Atamaliza zingwe zitatu zija analankhula nane mwachindunji. Anati dzanja limadyetsedwa ndi mitsempha iwiri ikuluikulu, wina mbali ya chala chachikulu, wina mbali ya kachala kakang'ono. Wodukawo anaumanga mbali zonse ziwiri, chifukwa unali utaphwanyika. Tsopano wotsalawo uyenera kudyetsa dzanja lonse wokha. Anati anauyeza tisanayambe ndipo unkagunda bwino, koma iwo amakhulupirira akaona. Akapeza kuti sukukwanitsa, anditumiza ku Lilongwe tsiku lomwelo.

"Tikuphwetsa lamba. Tiona ziwiri: ngati pali pamene pakutuluka, ndi ngati zala zilandira."

Anapana kachipangizo kowala kofiira pa kachala kanga kakang'ono, kamene kali kutali kwambiri ndi mtsempha wotsalawo. Kachipangizoko kakamva magazi akugunda kamalira. Ndinamva mpweya ukutuluka, fyuu, ngati tayala laponda minga. Wailesi yanga inazima.

Kuyambira pasitolo paja anthu onse, ine, alamu, anesi, adokotala, tinkalimbana ndi magazi kuti aime. Tsopano tonse tinali chete kuwadikira kuti abwere. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga, la mawu awiri okha, ndipo sindinagwedeze ngakhale chala cha kuphazi.

"Apa pakuchucha," anatero adokotala. "Nsalu yofunda." Anakanikiza, n'kudikira. Makina analira kamodzi, tii, kautsi kanakwera. "Basi, pauma."

Kachipangizo kaja kanali chete. Kenako kanalira kamodzi, kanaima ngati kakuganiza, n'kuyamba kulira motsatizana, pi, pi, pi, mofanana ndi kugunda kumene ndinkamva m'khosi mwanga.

"Chigoli!" anakuwa bambo wonenepa.

Adokotala anauza mnzawo kuti atsitse nsalu pang'ono, bala ataliphimba. Ndinaona dzanja langa lili gone pa kathebulo, lopakidwa mankhwala achikasu. Anafinya chikhadabo cha kachala kakang'ono mpaka chinayera, n'kusiya. Kufiira kunabwerera msangamsanga. Anachita chimodzimodzi zala zonse zisanu, ine ndikuwerenga nawo. Asanatseke khungu anawerenga tinsalu tonse mokweza, awiri, kuti pasapezeke kotsalira m'kati. Kenako anasoka, n'kundiika chikhakha chopinda dzanja ngati khosi la tsekwe.

Alamu ndinawapeza pakhonde atagwira thalauza langa ndi nsapato.

"Alamu, mkono ulipo?" anafunsa, akuyang'ana chikhakha.

"Ulipo."

"Ndiye kukuwa konse kuja? Tinamva mpaka kuno. Mayi wina anagwada n'kuyamba kukupemphererani, amvekere munthu akumudula wamoyo. Ine ndinamva dzina langa, ndinati ayi, ali bwino."

Chikhakha ndinakhala nacho masabata asanu ndi limodzi. Ndinaphunzira kudya ndi lamanzere, mlongo wanga akundiseka kuti ndikudyetsa malaya. Atachichotsa, dzanja linali lowonda, losupuka, zala zolimba ngati mitengo, ndipo ndinakwiyanso, ndinati andipatsa dzanja la munthu wakufa. Anandiphunzitsa kuzipinda pang'onopang'ono m'madzi ofunda, m'mawa ndi madzulo, osakakamiza, chifukwa chingwe chosokedwa ukachikoka ndi ukali chimaduka kachiwiri. Ntchito imeneyo inandivuta kuposa kukwera chitunda ndi matumba atatu. Kachala kakang'ono mpaka lero kamachita dzanzi kukazizira.

Patatha miyezi itatu ndinapita kukaonana ndi adokotala komaliza. Anayang'ana chipsera, anandiuza kuti nditambasule, ndifumbate, ndigunditse chala chachikulu ku zinzake chimodzichimodzi. Kenako anandipatsa zala zawo ziwiri.

"Finyani."

Ndinafinya mwaulemu.

"Achimwene, ndi mmene mudzagwirire buleki mutanyamula mayi woyembekezera? Finyani."

Ndinafinya. Ndinamva zala zitatu zija zikutseka pamodzi ndi zinzake, mphamvu ikuchokera m'chigongono mpaka kunsonga.

"Aa! Basi, basi, siyani!" anakuwa, akukupiza dzanja lawo m'mwamba. Kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. "Zala zimenezi ndikufuna kusokera ena. Pitani mukagwire ntchito."